Mmene mungawerengetsere rezisitansi ndi pawa pogwiritsa ntchito volteji ndi karenti

Nyengo ya mwera itangotha chaka chatha, bambo wina wogula ndi kugulitsa nsomba pa gombe lina kufupi ndi Malindi anandibweretsera batire, inveta (chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ndi mawaya awiri omwe chikopa chake chinali chitafewa ndi kuda pafupi ndi polumikizira. Atakhala pansi anati: "Amisiri, tandionereni batireli. Ndikuganiza kuti anandigulitsa lakufa, chifukwa filiji yosungiramo chambo ikumazima pakati pa usiku, ndipo mawayawa ukawagwira akumatentha." Nditayeza ndinapeza kuti batire linali labwinobwino, inveta nayonso inalibe vuto. Chimene chinkawaonongera nsomba chinali chinthu chomwe sankachiganizira n'komwe, ndipo akanatha kuchipeza okha ndi masamu a kuchulukitsa ndi kugawa omwe mwana wa Sitandade 6 amawadziwa. Masamu amenewo ndi amene ndikufuna kukuonetsani, ndipo nkhani ya bamboyu tiibwerera tikakhala ndi zida zoiunikira.

Chimene chimatisokoneza poyamba ndi kalankhulidwe kathu. Tikamakamba za magetsi timangoti moto: moto wabwera, moto wachepa, batire latha moto, simbi imadya moto. Mawu amodziwa akubisa zinthu zinayi zosiyana, ndipo munthu amene sanazilekanitse sangawerengetsere kalikonse. Volteji ndiko kukankha kumene kumachititsa magetsi kuyenda. Imayezedwa mu ma volt ndipo m'masamu timailemba ndi chilembo cha V. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa mu waya pa sekondi iliyonse. Imayezedwa mu ma amp ndipo chilembo chake ndi I. Rezisitansi ndiko kukaniza kumene waya kapena chipangizo chimachita pamene magetsi akudutsa. Imayezedwa mu ma ohm, chilembo chake ndi R, ndipo pa zida zoyezera mudzaona chizindikiro cha Ω. Pawa ndi kuchuluka kwa ntchito imene magetsi akugwira pa sekondi iliyonse, kaya ndi kuwiritsa madzi, kuunikira kapena kuzunguza injini. Imayezedwa mu ma watt ndipo chilembo chake ndi P.

Ife a ku Mangochi chitsanzo cha zimenezi tili nacho pakhomo. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja pompano, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kulowa m'nyanja ya Malombe ndi kupitirira mpaka ku Liwonde. Madzi ake ndi ochuluka, komabe makina opangira magetsi sanamangidwe kuno, chifukwa dera lino ndi lathyathyathya ndipo madzi amangoyenda pang'onopang'ono osagwa. Makina a EGENCO ali kumunsi, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, komwe madzi omwewo amatsetsereka pa mathithi. Kuchuluka kwa madzi odutsa kuli ngati karenti, kutalika kwa pamene akugwera kuli ngati volteji, ndipo pawa imapezeka pokhapokha ziwirizi zikakumana. Namasupuni ndi zinyalala zimene zimatseka polowera madzi ku makina zili ngati rezisitansi: kugwa kwa madzi kuli chimodzimodzi, koma odutsa achepa.

Amene anaonetsa ubale wa zinthuzi mwa masamu ndi Georg Simon Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, yemwe anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake mu 1827. Mayina ena atatuwo nawonso ndi a anthu: volt ikuchokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire loyamba mu 1800, amp ikuchokera kwa André-Marie Ampère wa ku France, ndipo watt ikuchokera kwa James Watt wa ku Scotland. Lamulo la Ohm limati volteji ndi karenti kuchulukitsa ndi rezisitansi, ndiye kuti mukadziwa volteji ndi karenti, rezisitansi mumaipeza pogawa:

R = V ÷ I

Pawa mumaipeza pochulukitsa ziwiri zomwezo:

P = V × I

Mizere iwiriyi ndiyo mutu wa nkhani yonse. Mukaiphatikiza imabala ina iwiri, yomwe ndi P = I × I × R komanso P = V × V ÷ R. Ana asukulu ambiri amailoweza pojambula makona atatu okhala ndi zilembo m'kati, ndipo njirayo imathandiza pa mayeso a MSCE, koma ine ndimakonda kuti munthu amvetse chifukwa chake. Ngati V ndi I × R, ndiye kuti mu P = V × I mukhoza kuchotsa V n'kuikapo I × R, ndipo mutsala ndi I × I × R. Palibe chinsinsi china choposa pamenepa, ndipo amene wamvetsa kusinthanitsaku sangaiwale ngakhale patapita zaka.

Kupeza manambala oyambira

Manambala a volteji ndi karenti mumawapeza m'njira ziwiri: kuwerenga pa kachikwangwani ka chipangizo, kapena kuyeza ndi multimeter, chida choyezera volteji, karenti ndi rezisitansi. Kachikwangwaniko kamakhala kunsi kwa ketulo, kuseri kwa filiji kapena pa thupi la chaja, ndipo kamatchula volteji pamodzi ndi ma watt kapena ma amp. Magetsi amene ESCOM imapereka m'nyumba zathu ndi a ma volt 230, opita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo mtundu umenewu umatchedwa AC. A m'batire la sola kapena la galimoto amayenda mbali imodzi, amatchedwa DC, ndipo nthawi zambiri ndi a ma volt 12. Musanayeze chilichonse, onetsetsani kuti mwazunguza multimeter kuloza pa mtundu woyenera.

Poyeza volteji simudula waya aliyense. Nthambo yakuda ilowe pabowo lolembedwa COM, yofiira ilowe pabowo lolembedwa V, kenako gusitsani nsonga zake pa malo awiri amene mukufuna kudziwa kusiyana kwake, monga pa mitu iwiri ya batire. Poyeza karenti zinthu zimasintha, chifukwa magetsi onse ayenera kudutsa m'kati mwa multimeter. Mumazimitsa kaye, kumasula waya mmodzi, kusamutsira nthambo yofiira pabowo lolembedwa 10A, n'kuika multimeter pakati pa malo amene mwamasulawo kuti ikhale ngati mlatho. Apa ndi pamene ambiri amaonongera chida chawo: akamaliza kuyeza karenti amaiwala kubwezera nthambo yofiira pabowo la V, n'kukagusitsa pa mitu ya batire. Pa bowo la 10A multimeter imakhala ndi rezisitansi yochepetsetsa, moti kuigusitsa pa batire kuli ngati kulumikiza mitu iwiriyo ndi waya wamba. Fyuzi ya m'kati imapsa, ndipo ngati ndi multimeter yotchipa yopanda fyuzi, nthambo zimayaka m'manja mwanu. Khalani ndi chizolowezi chobwezera nthamboyo nthawi yomweyo mukangomaliza. Pa karenti yoposa ma amp 10, komanso pa magetsi onse a 230, gwiritsani ntchito clamp meter, chida chokhala ndi zopanira ngati za nkhanu, chomwe chimayeza popanda kudula kapena kukhudza mkuwa. Panani waya mmodzi yekha, chifukwa mukapana awiri pamodzi, wopita ndi wobwerera, chidacho chimawerenga ziro. Ngati mukuyeza za batire, onetsetsani kuti clamp meter yanu ndi yotha kuyeza DC, popeza zambiri zotchipa zimayeza AC yokha.

Tiyambe ndi ketulo yolembedwa ma watt 2000 pa ma volt 230. Karenti yake ndi 2000 ÷ 230, zomwe zikupereka ma amp 8.7. Rezisitansi ya chitsulo chake chotenthetsera ndi 230 ÷ 8.7, pafupifupi ma ohm 26. Nambala imeneyi ili ndi ntchito yeniyeni: ketulo ikasiya kuwiritsa, izuleni pa soketi, ikani multimeter pa Ω, tsegulani swichi ya ketuloyo n'kuyeza pakati pa mapini awiri a m'munsi a pulagi. Mukapeza ma ohm oyandikira 26, chitsulo chotenthetsera ndi chamoyo ndipo vuto lili kwina, mwina pa soketi. Multimeter ikaonetsa kuti njira ndi yoduka, yang'anani fyuzi ya m'pulagi, swichi ndi waya musanaweruze kuti chitsulo chapsa. Rezisitansi imayezedwa nthawi zonse chipangizo chili chozula. Kuyeza pa Ω pamene magetsi alipo kumaononga multimeter ndipo kungakuvulazeni. Simbi ya ma watt 1200 imakoka ma amp 5.2 ndipo rezisitansi yake ndi pafupifupi ma ohm 44. Onani kuti chipangizo cha pawa yambiri chimakhala ndi rezisitansi yochepa, osati yambiri monga ena amaganizira, chifukwa njira ikatseguka kwambiri ndi pamene karenti yochuluka imadutsa.

Masamu omwewa akuuzani chimene pulagi yanu ingapirire. Mapulagi athu a mapini atatu amakhala ndi fyuzi m'kati, ndipo yaikulu kwambiri ndi ya ma amp 13. Mukachulukitsa 13 ndi 230 mupeza ma watt 2990, ndipo amenewa ndiwo malire a pulagi imodzi pamodzi ndi ekisitenshoni iliyonse yolumikizidwa kwa iyo. Ketulo ndi simbi zikagwira ntchito nthawi imodzi pa ekisitenshoni imodzi, ndi ma watt 3200, omwe ndi ma amp 13.9, ndipo malire mwawadutsa kale. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake. Kuikapo msomali kapena kachidutswa ka waya m'malo mwake, monga ndaonera m'nyumba zambiri, ndiko kusamutsa kutentha kuchoka pa fyuzi ya mtengo wochepa kupita ku mawaya a m'khoma ndi kudenga.

Madzulo ena mababu akale amafiira ndipo ketulo imachedwa kuwira, ndipo P = V × V ÷ R ikufotokoza chifukwa chake. Volteji ikatsika kuchoka pa 230 kufika pa 200, rezisitansi ya ketulo ija imakhalabe pafupifupi ma ohm 26.4, ndiye pawa yake ndi 200 × 200 ÷ 26.4, pafupifupi ma watt 1515. Volteji yatsika ndi magawo 13 pa 100 alionse, koma pawa yatsika ndi magawo 24, chifukwa volteji ikulowa kawiri m'masamuwo.

Pa zinthu zing'onozing'ono samalani ndi mayina a miyeso. Milliamp imodzi, yolembedwa mA, ndi gawo limodzi la magawo 1000 a amp, ndipo kilo-ohm imodzi ndi ma ohm 1000. Tinene kuti mukufuna kuika kababu kofiira ka LED koonetsa kuti batire la ma volt 12 layatsidwa. Kababu koteroko kamafuna pafupifupi ma volt 2 ndi 20 mA, kotero ma volt 10 otsalawo ayenera kuthera pa rezisita, kachipangizo kochepetsa karenti. Sinthani kaye 20 mA kukhala ma amp 0.02, ndipo R ikhala 10 ÷ 0.02, ma ohm 500. M'masitolo mupeza mosavuta ya ma ohm 560, ndipo kukwera pang'ono n'kwabwino kuposa kutsika. Pawa imene rezisitayo isandutse kutentha ndi pafupifupi 10 × 0.02, ma watt 0.2, choncho sankhani ya theka la watt kuti isamatenthe. Amene waiwala kusintha ma milliamp amagawa 10 ndi 20 n'kupeza theka la ohm, ndipo kababu kake kamapsa pa kuphethira kwa diso.

Pamene lamulo la Ohm likufunika kusamala

Kugawa V ndi I kumakupatsani nambala nthawi zonse, koma si nthawi zonse pamene nambalayo imakhala yokhazikika. Babu lakale la ma watt 60 limakoka ma amp 0.26 pa ma volt 230, ndiye rezisitansi yake likuyaka ndi pafupifupi ma ohm 880. Mukaliyeza ndi multimeter lili lozizira mupeza ma ohm oyandikira 60 okha. Masamu sanalakwe, ndipo multimeter sinaname: kawaya ka tungsten ka m'kati mwa babu kamawonjezera rezisitansi yake kakatentha, ndipo n'chifukwa chake mababu oterewa amakonda kupsa pa nthawi imene mukuwayatsa, pamene karenti yochuluka imalowa kawayako kasanatenthe.

Mababu a LED, machaja a foni ndi mawailesi akanema alibe rezisitansi imodzi imene mungaidalire, chifukwa m'kati mwake muli tizipangizo towongolera karenti. Pa zimenezi iwalani za R ndipo gwiritsani ntchito P = V × I. Asodzi ambiri a usipa masiku ano asiya nyali za parafini n'kuyamba kunyamula mababu a LED ndi batire m'bwato, ndipo kwa iwo masamuwa ndi a tsiku ndi tsiku. Tinene kuti mababu anayi akuyaka, pa batire mwayeza ma volt 12.4 ndipo karenti yonse ndi ma amp 6. Pawa yonse ndi 12.4 × 6, ma watt 74.4, ndiye babu lililonse likudya ma watt 18.6, kaya pa katoni yake analembapo nambala yanji. Ndikulangizani kukhulupirira zimene mwayeza kuposa zolembedwa pa katoni, chifukwa ndakumanapo ndi mababu ambiri olembedwa manambala aakulu amene sagwirizana ndi karenti yomwe amakoka. Kwa maola 8 a usiku umodzi, ma amp 6 akuchotsa 48 Ah m'batire (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola). Batire la asidi silifunika kutsitsidwa kupyola theka ngati mukufuna likhalitse, kotero la 100 Ah likukwanira usiku umodzi wokha, ndipo m'mawa liyenera kupita kotchaja lisanabwererenso panyanja.

Injini zamagetsi za AC, monga za filiji, za fani ndi za pampu ya madzi, zili ndi khalidwe lawolawo. Mukachulukitsa volteji ndi karenti pa injini simupeza ma watt enieni koma ma VA (volt-amp), chifukwa mbali ina ya karenti imangopita ndi kubwerera popanga maginito osagwira ntchito yooneka. Kuti mupeze ma watt, chulukitsaninso ndi nambala yotchedwa power factor, yomwe imakhala pakati pa 0 ndi 1 ndipo kawirikawiri imalembedwa pa kachikwangwani ka injini. Injini yokoka amp 1 pa ma volt 230, ya power factor 0.7, ikudya ma VA 230 koma ma watt 161. Waya, fyuzi ndi inveta zimasankhidwa potengera karenti yonse, pamene mita ya m'nyumba imawerenga ma watt. Kumbukiraninso kuti injini ikamadzuka imakoka karenti yochuluka kangapo kwa kanthawi kochepa, ndiponso kuti volteji ikatsika injini yosenza katundu imakoka karenti yowonjezereka n'kuyamba kutentha, mosiyana ndi ketulo.

Mayunitsi amene mumagula pa mita ndi pawa kuchulukitsa ndi nthawi. Yunitsi imodzi ndi ma watt 1000 kwa ola limodzi. Ketulo ya ma watt 2000 ikagwira ntchito mphindi 30 zonse pamodzi pa tsiku yadya yunitsi imodzi, ndipo pa mwezi ndi mayunitsi 30. Babu la LED la ma watt 9 loyaka maola 5 usiku uliwonse limadya yunitsi imodzi ndi gawo lochepa, 1.35, pa mwezi wonse. Amene akufuna kuchepetsa ndalama za magetsi ayambire pa zinthu zotenthetsa.

Rezisitansi imene sitiiona

Tsopano tibwerere kwa bambo wa ku Malindi uja. Tikamajambula pa pepala timaona ngati waya ndi njira yaulere, koma waya aliyense ali ndi rezisitansi, ndipo imakula waya akatalika kapena akaonda. Waya wa mkuwa wa 1.5 mm² (muyeso wa kunenepa kwa mkuwawo) ali ndi ma ohm pafupifupi 0.012 pa mita iliyonse, wa 2.5 mm² ali ndi 0.0074, wa 4 mm² ali ndi 0.0046, ndipo wa 16 mm² ali ndi 0.00115. Powerengetsera kutalika muyenera kuphatikiza wopita ndi wobwerera yemwe. Manambalawa amaoneka ochepa moti munthu angawanyoze, ndipo pa ma volt 230 nthawi zambiri savutadi. Pa ma volt 12 nkhani ndi ina, chifukwa P = V × I ikutanthauza kuti volteji ikachepa, karenti iyenera kuchuluka kuti ntchito yomweyo igwirike. Chipangizo cha ma watt 1000 chimakoka ma amp 4.3 pa 230, koma kumbali ya batire la 12 inveta iyenera kukoka ma amp oposa 83 kuti ichidyetse.

Ndinapita kukaona mmene bamboyu analumikizira zinthu zake. Batire la 200 Ah linali m'chipinda china, inveta inali mamita atatu kuchokera pamenepo, ndipo pakati pake panali waya wa 1.5 mm², wotsala pa ntchito yoika mababu m'nyumba. Filiji ikulira, ndinayeza zinthu zitatu. Pa mitu ya batire panali ma volt 12.3. Polowera pa inveta panali ma volt 10.6. Karenti mu waya inali ma amp 14. Ndiye kuti ma volt 1.7 ankasowa m'njira, ndipo rezisitansi ya njirayo inali 1.7 ÷ 14, ma ohm 0.12. Rezisitansi yochepa chonchi multimeter wamba singaiyeze bwino pa Ω, chifukwa nthambo zake zokha zimakhala ndi yoposa pamenepo; njira yodalirika yoipezera ndi imeneyi, kuyeza volteji yotayika ndi karenti chipangizo chikugwira ntchito, kenako n'kugawa.

Mamita 6 a waya wa 1.5 mm² akanayenera kupereka ma ohm 0.07 okha, ndiye panali ma ohm 0.05 ena ofunika kuwasaka. Ndinagusitsa nsonga imodzi ya multimeter pa mtovu wa mutu wa batire, inayo pa mkuwa wa waya wotuluka pamutupo, ndipo pa kampata kosakwana chala ndinapeza ma volt 0.7. Wayayo anali atangopotedwa pa mutu wa batire popanda chomangira, ndipo pansi pake panali ufa woyera wobiriwira umene umamera pa mitu ya mabatire a asidi. Pawa yotayika yonse inali 14 × 14 × 0.12, pafupifupi ma watt 24, ndipo ma watt 10 mwa amenewa ankathera pa kamalo kamodzi kang'ono ngati chikhadabo. Chikopa cha waya chinafewera pamenepo. Ma inveta ambiri a 12 amadzizimitsa okha volteji ikafika cha pa 10.5, pofuna kuteteza batire. Madzulo batire lili lodzaza, inveta inkaona volteji yokwanira ndipo zonse zinkayenda. Pofika pakati pa usiku batire litatsika pang'ono, injini ya filiji ikangodzuka ndi karenti yake yoyambira, volteji ya pa inveta inkagwa pansi pa malirewo ndipo inkazima, batire likadali ndi magetsi ambiri.

Nditawaonetsa manambalawa anandifunsa kuti: "Ndiye amisiri, ndikanagula batire lachiwiri monga anandiuzira achimwene anga, sizikanathandiza?" Ndinawayankha kuti: "Bambo, mukanataya ndalama, chifukwa magetsi alipo kale okwanira. Filiji yanu ikamalira theka la nthawi, pa maola 12 a usiku ikuchotsa 84 Ah, ndipo theka la batire lanu ndi 100 Ah. Chimene chikusowa ndi njira yoti magetsiwo adutsemo." Chimene chimandidetsa nkhawa pa nkhani zotere si nsomba zoola zokha. Mu P = I × I × R karenti ikulowa kawiri, kotero ikawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo ikawirikiza kasanu kutentha kumawirikiza ka 25. Polumikizira pomwepo pa ma ohm 0.05, pakadutsa ma amp 80, pamatulutsa 80 × 80 × 0.05, ma watt 320, kutentha kokwanira kuyatsa thabwa kapena udzu uli pafupi. Anthu ambiri amaopa magetsi a ESCOM n'kumaona a batire ngati osaopsa chifukwa sagwira munthu, koma nyumba imene ingapse ndi batire la 12 imapsa mofanana ndi ina iliyonse.

Kuopa magetsi a 230 n'koyeneradi, ndipo lamulo la Ohm likuonetsa chifukwa chake. Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri, koma munthu wonyowa, wotuluka thukuta m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala kapena woponda pansi ponyowa opanda nsapato, rezisitansi ya thupi lake ingatsike mpaka cha pa ma ohm 1000. Mukagawa 230 ndi 1000 mupeza ma amp 0.23, omwe ndi 230 mA, pamene chida choteteza anthu chimene chimaikidwa pa bokosi la magetsi m'nyumba chimapangidwa kuti chidule magetsi pa 30 mA. Chifukwa cha ichi, zoyeza zanu pa 230 zilekezere pa kuwerenga kachikwangwani, kuyeza chipangizo chozula, ndi kupana waya wokutidwa ndi clamp meter manja ali ouma. Ntchito ya m'kati mwa bokosi la magetsi ndi ya mawaya a m'khoma isiyireni amisiri okhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA.

Kwa bambo uja tinasamutsa inveta kuti ikhale mita imodzi kuchokera pa batire, pamalo odutsa mphepo ndipo osati pamwamba pa batire penipeni, popeza batire la asidi limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa. Tinaika waya wa 16 mm², womwe pa mamita awiri opita ndi kubwerera uli ndi ma ohm 0.0023 okha. Mitu ya batire tinaitsuka ndi madzi osakaniza ndi soda, kuipala mpaka mtovu unawala, n'kumanga mawaya ndi zomangira za mabauti, ndipo pa waya wofiira, pafupi ndi batire, tinaikapo fyuzi yolingana ndi wayayo. Mtunda wotsala kukafika pa filiji tinauyendetsa kumbali ya 230, komwe karenti yake siifika ngakhale amp imodzi. Titayatsa, pa batire panali ma volt 12.3, pa inveta 12.2, ndipo patatha ola lathunthu filiji ikulira, ndinawapempha kuti agwire okha pa mutu wa batire paja, n'kupeza kuti m'pozizira.